Chikwangwani cha chigayo ku Luwinga: kulemba Clarendon Bold pa lata

Ntchito yake ndi chikwangwani cha chigayo choyima m'mbali mwa msewu wa M1 ku Luwinga mumzinda wa Mzuzu, choti munthu wochokera m'tauni kulowera ku Ekwendeni achiwerenge asanapitirire. Lata ndi losalala, masentimita 244 m'litali ndi 122 m'lifupi, ndipo zilembo ndi zolemba ndi burashi. Eni chigayo anabweretsa mizere isanu: CHIGAYO, Tikugaya ndi kukonola, Madeya a nkhuku ndi ng'ombe, nambala ya foni, ndi mawu a Chitumbuka akuti Yewo ŵadada na ŵamama. Mitengo yomwe ili muno ndi yomwe inalipiridwa tsiku logula, ndiye musaidalire kwambiri, poti mtengo wa penti ndi zitsulo sukuchedwa kusintha.

19 Meyi: kusankha zilembo

Eni ake anafuna zilembo zonenepa zachikale, zija zokhala ndi timapazi kumapeto kwa miyendo. Tinasindikiza mawu akuti CHIGAYO pa mapepala anayi a A3, kutalika kwa chilembo masentimita 5, pepala lililonse fonti yakeyake, kutanthauza mtundu wa zilembo. Tinawamata pakhoma la panja n'kumabwerera m'mbuyo mpaka mawu atayamba kusokonekera.

Times New Roman Bold ndi yomwe inayamba kugonja. Miyendo yake ndi yonenepa ndithu, koma mzere wopingasa wa H ndi wa A, komanso timapazi, n'toonda kwambiri. Patali toondato timazimiririka, H n'kutsala mizati iwiri yosalumikizana. Fontiyi inapangidwira nyuzipepala ya The Times ya ku London mu 1932, yowerengera m'manja, ndipo pamsewu imaonetsa kumene inachokera. Cooper Black inawerengeka patali, koma kabowo ka A kanatsekeka msanga, ndipo eni chigayo anaikana okha, ati zilembo zofewa chonchi n'za shopu ya maswiti. Rockwell Bold inachita bwino, ndipo kwa wolemba ndi burashi ndiyo yosavuta, chifukwa timapazi take timakumana ndi mwendo pa kona yeniyeni, moti mungathe kungomata tepi n'kudzaza. Koma C, G ndi O zake ndi zozungulira ngati za kampasi, mzere wonenepa pafupifupi mofanana ponseponse, ndiye mawu amaoneka ouma.

Tinasankha Clarendon Bold. Miyendo yake ndi yochindikala, mizere yake yoonda si yoonda kwenikweni, ndipo timapazi n'tokhuthala, todulidwa bwino kumapeto. Pamene phazi likumana ndi mwendo pali kakhota kodzaza kona, ndipo kakhotako ndi komwe kamaisiyanitsa ndi Rockwell. Zilembo zazing'ono monga a, c, f, r ndi y zimathera pa kampira, ndipo g ndi wa mimba ziwiri wokhala ndi kakhutu kumwamba.

Mbiri yake ili ndi ntchito pano. Clarendon inatuluka mu 1845 ku Fann Street Foundry, kampani yosula zilembo ya ku London, pansi pa Robert Besley, ndipo cholinga chake chinali kutsindika mawu ochepa pakati pa zilembo wamba zoonda, monga mawu otsogolera m'dikishonale kapena mitu m'zidziwitso. Inalembetsedwa mwalamulo, chitetezo chake chinatha patapita zaka zitatu, kenako osula zilembo ambiri anaikopera. Mu 1953 Hermann Eidenbenz anaijambulanso ku kampani ya Haas ku Switzerland. Mfundo yoti musaiwale ndi yakuti inabadwira kuyima pakati pa zopepuka. Mukaidzaza pa lata lonse simutsindika kanthu.

Amene mulibe fayilo yake, pa Google Fonts pali fonti yaulere yotchedwa Besley, yojambulidwa motsatira Clarendon, ndipo ili ndi makulidwe osiyanasiyana kuchokera yawamba mpaka yakuda bii.

22 Meyi: kukula kwa zilembo ndi kuyala mizere

Lamulo la olemba zikwangwani ndi lakuti sentimita imodzi ya kutalika kwa chilembo imawerengeka mpaka pa mamita atatu, koma pamenepo ndiye pa malire, munthu atayima n'kuyang'anitsitsa. Kwa wodutsa pa galimoto kapena pa kabaza, werengerani sentimita imodzi pa mita imodzi ndi kachidutswa.

Osadalira nambala ya mapointi ya pa kompyuta. Mapointi 72 ndi inchi imodzi, masentimita 2.54, koma nambalayo imayeza bwalo lonse la chilembo, kuphatikizapo malo a michira ya g ndi y. Chilembo chachikulu chimatenga pafupifupi magawo 7 mwa 10 a bwalolo. Njira yosasocheretsa ndi kulemba mawu mu pulogalamu yojambulira ya Inkscape, kuwasandutsa chojambula, n'kuyeza H ndi rula ya pulogalamuyo. Yezani H kapena I, osati O, pa chifukwa chomwe chikubwera pansipa.

Titasiya masentimita 10 kumanja ndi kumanzere, panatsala masentimita 224. CHIGAYO pa masentimita 30 inalowa mothina, yopanda malo owonjezera mipata. Apa mpomwe ambiri amagwira kona ya chojambula n'kuchifinya m'mbali. Musatero. Kufinya kumaondetsa miyendo yoyima pamene mizere yopingasa ndi timapazi zikhala momwe zinalili, mpaka phazi limanenepa kuposa mwendo wake, ndipo timipira timakhala tosongoka. Tinatsitsa pa masentimita 28. Pa pepala lathu mwendo wa H unatuluka pafupifupi masentimita 7, phazi masentimita 3. Komanso fonti ikakhala kale Bold, osadinanso batani la B. Kompyuta imangopaka mnofu wina mozungulira, mimba za zilembo n'kutsekeka.

Kuyala koyamba kunali motere kuchokera pamwamba: malire 10, CHIGAYO 28, mpata 10, mzere wachiwiri 12, mpata 9, mzere wachitatu 9, mpata 9, nambala 12, mpata 6, mzere wa Chitumbuka 6, malire a pansi 11. Masamu anakwana 122, koma titasindikiza kachitsanzo pa A4, mizere yonse isanu ili mu Bold, chikwangwani chinali mdima wokhawokha. Diso linkasowa poyambira, ndipo CHIGAYO, ngakhale ndi wamkulu, sanali kulamulira. Tinasunga Bold pa mizere itatu yoyamba, mzere wa Chitumbuka tinaupatsa Clarendon yoonda, ndipo nkhani ya nambala tinaiimika kaye.

26 Meyi: mipata, ŵ ndi ng'

Pa gawo ili mpomwe chikwangwani chimakongola kapena kuwonongeka, penti asanatsegulidwe n'komwe. Mipata yomwe kompyuta imaika yokha inapangidwira zilembo za m'buku. Pa masentimita 28 zolakwika zake zimaonekera kutali.

Mu CHIGAYO muli malo awiri ovuta. Pakati pa H ndi I pali miyendo iwiri yoyima moyandikana, uliwonse ndi phazi pamwamba ndi pansi. Timapazito tinatsala pang'ono kukhudzana, ndipo patali H ndi I zinkaoneka ngati mpanda wa matabwa atatu, osati zilembo ziwiri. Pakati pa A ndi Y vuto ndi losiyana: mwendo wamanja wa A umapendekera kumanzere pokwera, dzanja lamanzere la Y nalo limatsata njira yomweyo, ndiye pakati pamatsala msewu woyera wopendekeka, mawu n'kuwerengeka ngati CHIGA YO. Tinatsegula HI ndi mamilimita 8, IG ndi mamilimita 4, tinakokera Y pafupi ndi A ndi masentimita awiri ndi theka mpaka phazi la pamwamba la Y linalowa pamwamba pa phazi la pansi la A, ndipo O tinaisendeza sentimita imodzi kulowa pansi pa dzanja la Y. Osayeza mpata kuchokera kuphazi kufika kuphazi ndi rula n'kuufananitsa ponse. Chofunika kufanana ndi kuchuluka kwa malo oyera pakati pa zilembo. Tsinzinani pang'ono muyang'ane mzere wonse, kapena tembenuzani pepala mutu pansi kuti musiye kuwerenga mawu, muzingoona zakuda ndi zoyera. Pamene pali chigamba chakuda kapena dzenje loyera, pamenepo konzani.

Fayilo ya Clarendon yomwe inali pa kompyuta ndi yakale, ndipo ilibe ŵ. Pulogalamu siidandaula, imangobwereka ŵ wa fonti ina mwakachetechete, ndiye pakati pa mawu a timapazi panakhala ŵ woonda wopanda phazi. Kuno kumpoto, komwe ŵ ali ponseponse m'Chitumbuka, yesani chilembochi musanayambe china chilichonse: mu Word lembani 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi, kapena 0174 pa chachikulu. Kukonza kwake n'kosavuta. Tinalemba ê mu fonti yomweyo, kuisandutsa chojambula, kudula kachipewa n'kukaika pa w, pakati penipeni pa nsonga yapakati, pa msinkhu womwewo pomwe kanali pa e. Kachipewa kojambula pamanja kapena kobwereka kwina kamaonekeratu, chifukwa makulidwe ake sagwirizana ndi chilembo.

Ng'ombe nayo inavuta. Khutu la g limathera pa kampira kumwamba kudzanja lamanja, ndipo kachizindikiro ka ng' nako ndi kampira kokhala ndi mchira, pamalo omwewo. Ziwirizi zinagundana n'kukhala chibuluma chimodzi. Tinatsegula mamilimita 6 pakati pa g ndi kachizindikiroko, n'kubweza o pang'ono kuti mawu asaduke pakati. Gwiritsani kachizindikiro kopindika ka fontiyo, 2019 ndi Alt X, osati kandodo kowongoka ka pa kiyibodi. Kowongokako pakati pa zilembo zonenepa kamangooneka ngati penti wadontha.

29 Meyi: kusindikiza patani ndi felemu

Pa patani, mapepala osamutsira zilembo pa lata, tinasindikiza mizere ya m'mphepete yokha, osadzaza zakuda, kuti inki ya pulinta isathe. Chikwangwani chonse chikanadya mapepala a A4 oposa 60, ndiye tinasindikiza mzere uliwonse pawokha: CHIGAYO mapepala 16, mizere ina yonse pamodzi 27. Pa K200 pepala, zinakwana K8,600.

Mapepala oyamba anatuluka ochepera. Pulinta inali pa Fit to page, yomwe imachepetsa chojambula kuti chilowe m'malire a pepala, ndipo mzere wonse unafupika ndi masentimita angapo. Ikani pa Actual size, ndipo pa pepala loyamba jambulani kamzere ka masentimita 10 koyesera. Kakapanda kukwana 10 pa rula, imitsani pulinta. Polumikiza, kokani chingwe kapena mzere wowongoka pansi pa simenti, muziyala mapepala motsatira mzere woyimapo zilembo, osati m'mphepete mwa pepala.

Felemu ndi ya chubu cha sikweya cha mamilimita 25. Kuzungulira ndi mamita 7.32, kuwonjezera zolimbitsa ziwiri zoyima, zonse pafupifupi mamita 9.7, ndiye machubu awiri. Machubu K52,000, lata K58,000, owotcherera K20,000, maliveti 100 K6,000. Maliveti ndi pa masentimita 15 aliwonse. Musanaboole pa zolimbitsa zapakati, yalani patani pa lata. Mutu wa liveti ukagwera m'mphepete mwa chilembo kapena pa kakhota, burashi imadumpha ndipo mzere umapindika. Tinasuntha mabowo anayi kuti agwere pakati pa mwendo kapena pa malo oyera.

3 Juni: lata lokana penti

Pa kachidutswa ka lata kotsala tinapaka gloss, penti wa mafuta wonyezimira, mwachindunji kuti tione. Patapita masiku atatu tinamata tepi n'kuikoka, penti anatsatira tepi. Lata latsopano limabwera ndi kamafuta koliteteza, ndipo mukathira madzi amangopanga timadontho. Ngakhale mutalitsuka, penti wa mafuta sagwirizana ndi zinki ya pa lata. Amagwira poyamba, kenako pansi pake pamapangika tinthu tonga sopo ndipo amasupuka m'zigamba. Zikwangwani zambiri zomwe zilembo zake zikulendewera m'tauni muno zinafera pamenepa.

Tinatsuka lata ndi sopo wa ufa ndi madzi ofunda, kulikwecha ndi kasiponji kobiriwira kotsukira mapoto mpaka kunyezimira kutachepa, kulipukuta ndi viniga, kulitsukuluza n'kuliumitsa padzuwa. Madzi akayamba kuyala m'malo mopanga timadontho, lata lakonzeka. Pamwamba pake etch primer, penti woyambira wogwira pa zinki, lita imodzi K21,000, kupaka kamodzi mopyapyala moti lata lizionekera pang'ono. Red oxide ndi wa felemu ya chitsulo chakuda, osati wa lata la zinki. Felemu inapakidwa red oxide lata lisanakhomedwe, kuti dzimbiri lisayambire pomwe ziwirizi zakhudzana n'kumatsikira pa zilembo.

9 Juni: penti wa pansi ndi mame

Pansi pake ndi penti wa mtundu wa kirimu, zilembo zakuda. Zilembo zowala pa penti wakuda zimaoneka zonenepa kuposa momwe zilili, ndipo Clarendon Bold ilibe malo onenepera. Ofiira tinawasiya chifukwa amafwifwa msanga padzuwa. Lata ndi pafupifupi masikweya mita atatu, choncho lita imodzi ya undercoat, K15,000, ndi lita imodzi ya gloss, K19,000, zikukwana n'kutsalako. Kusungunula ndi tapentaini, gawo limodzi pa magawo khumi a penti. Petulo amaumitsa msanga n'kupha kunyezimira, palafini amachedwetsa kuuma.

Gloss wachiwiri anapakidwa cha m'ma 4 koloko madzulo, lata lili pakhonde. M'mawa mwake panali zigamba zotuwa. Juni wa ku Mzuzu dzuwa likangopendeka kumazizira, lata limazizira msanga kuposa mpweya, ndipo mame ndi chifunga zimatera pa penti wosauma. Kupukuta sikuthandiza. Tinadikira masiku awiri, kukwecha ndi sandipepa wa 320 wonyowetsa, n'kupakanso cha m'ma 10 m'mawa. Nyengo ino pakani pakati pa 9 koloko ndi 1 koloko, lata ligone m'nyumba, ndipo maola olembedwa pa chitini muwawonjezere. Mukapaka pamwamba pa penti amene kunja wauma koma mkati akadali wofewa, amachita makwinya.

13 Juni: kusamutsa patani

Tinapaka makala opera kumbuyo kwa patani, kuimata pa lata ndi tepi, n'kudutsa m'mizere ndi bolopeni yotha inki. Osakanikiza kwambiri, penti wa masiku anayi amadindika. Pa lata lakuda gwiritsani choko choyera. Pensulo yolimba ndi maka ayi: pensulo imakanda, ndipo inki ya maka imatulukira pamwamba pa penti.

Amene mumadula zilembo pa katoni n'kuzungulira, lembani chizindikiro kutsogolo kwa chilichonse. A ndi Y zimaoneka ngati mbali zonse n'zofanana, koma sizili choncho. Mwendo wamanzere wa A ndi woonda, wamanja wonenepa. Dzanja lamanzere la Y ndi lonenepa, lamanja loonda. Katoni ikatembenuka, chilembo chimawerengeka ndithu, koma aliyense wodutsa amaona kuti china chake chalakwika.

16 Juni: zilembo zazikulu

Zipangizo: gloss wakuda theka la lita K11,000, maburashi afulati a mamilimita 25, 12 ndi 6, masking tape mipukutu iwiri, ndi ndodo yotsamirapo dzanja yomangidwa kansalu kunsonga. Lata linayima mopendekera kukhoma. Likagona chagada fumbi limatera, likayima chilili penti amayenderera.

Tepi inamatidwa m'mizere iwiri, pamwamba ndi pansi pa zilembo, kuti timapazi ta H, I, A ndi Y tithere pa mzere umodzi wakuthwa. Kanikizani m'mphepete mwa tepi ndi chikhadabo, ndipo burashi izichoka pa tepi kulowa m'chilembo, osati kukankhira penti pansi pake. Chotsani tepi penti akadali wonyowa pang'ono, pasanathe theka la ola. Ikagona, imang'amba m'mphepete n'kusiya guluu.

Tepiyo inadutsanso pa C, G ndi O, ndipo inazidula. Zilembo zozungulira zimapangidwa dala kuti zipitirire mzere pang'ono, pamwamba ndi pansi, chifukwa chozungulira chikathera ndendende pa mzere chimaoneka chachifupi poyerekeza ndi H. Pa patani yathu kupitirirako kunali pafupifupi mamilimita 5 mbali iliyonse. Tepi itachotsedwa, O anali ndi mutu wafulati ndipo ankaoneka wamng'ono kwa anzake. Penti atauma tinabwezeretsa patani pa zilembo zitatuzo n'kumalizitsa mauta ake pamanja. Dulani tepi izilekeza pa zilembo zowongoka zokha.

Kakhota ka pa phazi ndi komwe kamadya nthawi. Mu CHIGAYO muli timakhota toposa makumi awiri, ndipo tikasiyana kukula diso limagwira msanga. Mukakachepetsa mwalemba Rockwell, mukakakulitsa phazi limasanduka katatu kosongoka ndipo mpata wapakati pa miyendo ya H umachepa. Tinadula kachikombole pa pulasitiki ya chigubu motsatira patani, n'kujambulira timakhota tonse a miyendo yoyima ndi kachikombole kamodzi. A ndi Y zimafuna kawo, chifukwa pa mwendo wopendekeka kona ya mkati ndi yothina ndipo yakunja ndi yotambasuka. Popaka, burashi ya mamilimita 12 iyambire pa mwendo, itsike, ikhote n'kutulukira kuphazi ulendo umodzi osainyamula. Kudzaza mkati ndi ya 25, kuchokera pamwamba kutsika. Penti amakonda kudzikundika m'munsi mwa kakhota n'kuyamba kutsetsereka pakapita mphindi khumi, ndiye muzibwerera kukayang'ana chilembo chomwe mwamaliza musanapite patali.

Wakuda pa kirimu anafuna kupaka kawiri, motalikirana masiku awiri.

20 Juni: mizere ing'onoing'ono

Mzere wachiwiri unayenda bwino. Wachitatu, wa masentimita 9, ndi umene unaonetsa malire a fontiyi. Zilembo zazing'ono pamenepo ndi zotalika masentimita 6 ndi pang'ono, ndipo diso la e ndi mimba ya a ndi pafupifupi sentimita imodzi. Burashi ikayenda pamwamba pa mzere wa makala, imawonjezera mamilimita awiri mbali iliyonse. Pa chilembo cha masentimita 28 zimenezo sizioneka, koma pa diso la sentimita imodzi ndiye kuti pafupifupi theka lapita. Mu Madeya, e ndi a zinayamba kufanana pa mamita 10 okha.

Tinadikira kuti wakuda aume masiku awiri, n'kutsegulanso mabowo ndi kirimu pa burashi ya mamilimita 6, kawiri, chifukwa wakuda amaonekera pansi. Pa zilembo zotsala lamulo linali lakuti kunja kwa chilembo burashi ikhudze mzere, koma m'mimba mzere wa makala utsale ukuoneka. Makalawo amachoka ndi nsalu yonyowa penti akauma.

Timipira ta a, y ndi khutu la g tisapakidwe ndi burashi yodzaza. Dontho limakhala lolemera ndipo limatsika. Zungulizani ndi nsonga ya burashi, mudzaze pakati pomaliza, ndipo khosi lolumikiza kampira ndi chilembo likhale loonda monga lilili pa patani. Khosi likanenepa, kampata ka pakati pa kampira ka a ndi mimba yake kamatsekeka, a n'kusanduka chinthu chonga 8.

Pa mzere wa Chitumbuka tinayesa stensulo yodula pa pulasitiki yopyapyala, poganiza zofulumira. Penti analowa pansi n'kudzaza timakhota tonse, ndipo timilatho togwira mimba za a, d, e ndi o tinafunika kudzazanso pamanja. Tinapukuta ndi tapentaini zisanaume n'kulemba ndi burashi. Chifukwa mzerewu ndi wa Clarendon yoonda, mabowo ake ndi otakasuka, ndipo unatha msanga kuposa wachitatu ngakhale ndi waung'ono.

24 Juni: nambala ya foni

Manambala a Clarendon ndi okongola pafupi, ndi timipira ndi michira yopindika pa 2, 3, 5, 6 ndi 9. Pa nambala ya foni kukongolako n'kosathandiza. Tinayesa pa pepala, masentimita 12, pa mamita 25: 3, 6 ndi 9 zinkakokera ku 8, chifukwa kampira kamatseka pakamwa pa nambala. Mawu munthu amatha kuwalota ngakhale chilembo chimodzi chitasokonekera, koma nambala imodzi ikalakwika foni imapita kwina. Tinalemba manambala ndi zilembo zopanda timapazi, zonenepa pang'ono, m'magulu a anayi, atatu, atatu, ndipo mpata wapakati pa magulu ndi wofanana ndi nambala imodzi.

Eni chigayo atabwera kudzaona anafunsa chifukwa chomwe manambala asiyanira ndi zinazo. Yankho linali lakuti, "Adada, imani uko kuli mtengo wa mapeyala muwerenge mapepala awiriwa." Anasankha okha opanda timapazi.

1 Julayi: kuimika

Musanakumbe funsani ku khonsolo ya mzinda za chilolezo, ndipo chikwangwani chikhale kunja kwa malire a msewu. Mapaipi awiri a mamilimita 50, lililonse mamita 3.6: masentimita 70 pansi, 170 kuchokera pa nthaka kufika m'munsi mwa lata, otsalawo kumbuyo kwa felemu. Mapaipi K96,000, ndipo ndi omwe anadya ndalama zambiri pa ntchito yonse. Kunsi kwa paipi iliyonse tinawotcherera kachitsulo kopingasa kuti isazungulire kapena kuzulidwa. Maenje ndi masentimita 30 m'litali ndi m'lifupi, konkire ya muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala. Thumba limodzi linakwana. Lata linamangidwa ndi mabawuti patapita masiku atatu, levulo ili pamwamba pa felemu. Timapazi timapanga mzere wowongoka kwambiri, ndiye chikwangwani chikapendekeka ngakhale pang'ono chimaonekeratu.

Poyamba tinaliyesa moyang'ana msewu ndendende. Wobwera chapatali amaliona cham'mbali, zilembo zimafinyika, ndipo mipata ya H ndi I yomwe tinavutika nayo imatsekekanso. Tinalitembenuza kuti liyang'ane kwambiri obwera kuchokera m'tauni. CHIGAYO akuwerengeka bwino pa mamita 60, mzere wachiwiri pa 25, wachitatu ndi nambala ndi za amene wachepetsa liwiro kapena woyenda pansi.

8 Julayi: chidindo, malisiti ndi matumba

Eni ake anafuna zilembo zomwezo pa zinthu zina. Pa chidindo cha masentimita 6, mawu akuti CHIGAYO pa mapointi 16 anatuluka bwino, koma mzere wa pansi pa mapointi 7 unadzaza inki, a ndi e n'kukhala timadontho. Raba amafinyika mukadinda ndipo inki imafalikira, ndiye chidindo chinapangidwanso, mzere wa pansi uli wa zilembo zoonda zopanda timapazi pa mapointi 8. Pa buku la malisiti chimodzimodzi: Clarendon Bold pamutu pokha, mapointi 20, zina zonse zopepuka, poti malisiti amachulukitsidwa pa fotokope ndipo fotokope iliyonse imanenepetsa zakuda.

Pa matumba a madeya mpomwe fontiyi inapambana popanda kuinyengerera. Thumba loluka limadula mzere uliwonse woonda, koma timapazi ta Clarendon pa masentimita 10 n'tokhuthala mokwanira kudutsa ulusi wake. Apa stensulo ikugwira ntchito, chifukwa zilembo ndi zazikulu zokhazokha. Timilatho ta O tiikeni pamwamba ndi pansi, pomwe mzere ndi woonda, mulifupi mamilimita 8, ndipo ka A kadutse pa mzere wopingasa. Lowetsani katoni m'thumba kuti likhale lafulati, ndipo pakani ndi siponji yofinyidwa bwino, modinda, osati mokoka. Stensulo ya pulasitiki imafuna kupukutidwa kumbuyo pakatha matumba asanu aliwonse, apo ayi penti wosonkhana m'timakhota amayamba kudinda mthunzi m'mbali mwa zilembo.